/dev/hwrng ikuyankha "No such device" pa kernel 6.6, driver yasowera pati?

Kachingwe88

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Makina ndi seva yaing'ono ya Ryzen 5 5600G, ndipo kernel ndimamanga ndekha. Pa 5.15 yomwe inamangidwa kumayambiriro kwa 2022, fayilo ya rng_available, yomwe imatchula zipangizo zopanga manambala osalosereka (RNG), inkaonetsa tpm-rng-0, RNG ya TPM (chipangizo cha chitetezo chosunga makiyi), ndipo pulogalamu ya rngd inkawerenga bwinobwino pa /dev/hwrng, fayilo yotengerapo manambalawo. Pa 6.6, yomangidwa ndi .config yomweyo kudzera pa make olddefconfig, zinthu zili chonchi:

cat /sys/class/misc/hw_random/rng_available ikutulutsa mzere wopanda kanthu
cat /sys/class/misc/hw_random/rng_current ikuti none
dd if=/dev/hwrng of=/dev/null bs=16 count=1 ikuti No such device

Fayilo ya /dev/hwrng ilipo, major 10 minor 183. Mu .config muli CONFIG_HW_RANDOM=y, CONFIG_HW_RANDOM_AMD=m, CONFIG_HW_RANDOM_TPM=y, CONFIG_TCG_TPM=y ndi CONFIG_TCG_CRB=y. Ndikalamula modprobe amd-rng nayonso ikukana ndi mawu omwewo a No such device. Ndikayendetsa rngd -f -d ikulemba kuti hwrng Initialization Failed, kenako n'kupitiriza ndi rdrand. TPM yokha ili moyo, chifukwa tpm2_getrandom --hex 16 ikutulutsa manambala.

China chomwe chikundidetsa nkhawa n'chakuti /proc/sys/kernel/random/entropy_avail, yoonetsa entropy (kusalosereka komwe kernel yasonkhanitsa), yangoima pa 256 osasuntha, pomwe kale inkadutsa 3000. Kodi ndasiya chiyani mu menuconfig? Ndipo makiyi omwe sevayi ikupanga pakali pano ndiwakhulupirire?

Mphenzi_ya_Root

A Kachingwe, mu menuconfig simunasiye kanthu. Tiyambe talekanitsa zinthu ziwiri zomwe zimasokoneza anthu ambiri.

CONFIG_HW_RANDOM imangobweretsa rng-core, yomwe ndi chimango chabe. Ndiyo imapanga /dev/hwrng ndi foda ija ya hw_random mu sysfs, kaya pali chipangizo kaya palibe. Choncho kukhalapo kwa fayiloyo sikutsimikiza chilichonse. Driver iliyonse ikapeza chipangizo chake imadzilembetsa ku rng-core, ndipo dzina lake limaonekera mu rng_available. Popanda wodzilembetsa, kuwerenga /dev/hwrng kumabweza ENODEV, yomwe ndi No such device mukuionayo.

Za amd-rng iwalani. Dzinali limanamiza: driver imeneyo ndi ya ma chipset akale kwambiri, AMD-768 ndi AMD-8111, a kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Imayang'ana manambala a PCI a ma chipset amenewo, ikawasowa imatuluka. Pa Ryzen sidzapeza kanthu mpaka kalekale. Mnzake intel-rng ndi chimodzimodzi, imafuna kachipangizo ka 82802 Firmware Hub ka nthawi ya i810, ndipo pa makina atsopano sipeza kanthu. Zonse ziwirizi mukhoza kuzichotsa mu .config osataya kanthu.

Tsono tpm-rng-0 yanu sinasochere, anaitseka dala. Lamulani ichi:

dmesg | grep -i -e tpm -e hwrng -e ccp

Ndikuyembekeza kuti muona mzere wa tpm_crb wonena kuti Disabling hwrng. TPM ya pa makina anuwo ndi fTPM, kutanthauza kuti si kachipangizo kapadera pa bodi koma pulogalamu yomwe imayenda mu purosesa yaing'ono ya chitetezo yomwe ili mkati mwa Ryzen momwemo. AMD inafotokoza mu 2022 kuti fTPM nthawi zina imatenga nthawi yaitali ikugwira ntchito ndi SPI flash ya pa bodi, ndipo panthawiyo makina onse amachita ngati akakamira kwa kamphindi: mawu kudukaduka, mbewa kuima. Pa Linux vutoli linaonekera kwambiri kuyambira 6.1, pomwe thread ya kernel yotchedwa hwrng inayamba kutunga manambala pafupipafupi ngakhale ku zipangizo zomwe kernel sinkaziwerengera entropy. Poyamba anatseka ma firmware okhawo omwe ankadziwika kuti ali ndi vuto, koma madandaulo sanathe, ndiye mu Ogasiti 2023 anatseka hwrng ya fTPM zonse za AMD. Izi zinalowa mu 6.5 ndipo zinatsitsidwanso ku ma kernel a stable.

Chatsekedwa ndi kudzilembetsa kwa TPM ku rng-core kokha. N'chifukwa chake tpm2_getrandom ikuyendabe, imadutsa pa /dev/tpmrm0, njira inanso. Ndipo chitsekocho chili mu code ya tpm_crb, si nkhani ya .config. Mukhoza kuchichotsa popeza kernel mumamanga nokha, koma ine sindingatero pa seva.

Kwa ena omwe afika pano ndi makina osakhala AMD: pali msampha wina wa Kconfig. Mukaika TCG_TPM=y koma HW_RANDOM=m, CONFIG_HW_RANDOM_TPM imazimiririka mu menuconfig, chifukwa code yomangidwa mkati mwa kernel singadalire module. Sankhani y pa zonse ziwiri kapena TPM ikhalenso m. Komanso musasake module yotchedwa tpm-rng, inatha pa 4.16 pomwe anaiphatikiza mu driver ya TPM.

Gogo_Sudo

Za TPM a Mphenzi amaliza. Ine ndiyankhe za 256, chifukwa apa ndi pomwe anthu amawononga makina abwinobwino pofuna kukonza chomwe sichinathyoke.

256 ndiye kudzadza. Onani /proc/sys/kernel/random/poolsize, nayonso ikuuzani 256. Kale dziwe la entropy linali la ma bit 4096 ndipo kernel inkachotsera nambalayo nthawi iliyonse wina akawerenga. Jason Donenfeld anakonzanso random.c mu 5.17 ndi 5.18: SHA-1 inachoka n'kulowa BLAKE2s, ndipo dziwelo linasanduka hash ya ma bit 256. Ikangofika 256, imakhala pomwepo. Kusinthaku kunatsitsidwanso ku ma kernel akale a LTS m'kati mwa 2022, ndiye ngakhale mutabwerera ku 5.15 yatsopano muona 256 yomweyo. Ngati pulogalamu yanu yoyang'anira maseva imalira nambalayi ikatsika pansi pa 1000, konzani pulogalamuyo.

Chofunika kuona ndi ichi:

dmesg | grep "crng init"

Mukapeza random: crng init done pa masekondi oyambirira, nkhani yatha. Kuchokera pamenepo getrandom, /dev/urandom ndi /dev/random zonse zimatunga pa ChaCha20 imodzi yomwe yalandira mbewu yokwanira, ndipo kuyambira 5.6 /dev/random siimanso kudikira ikangodutsa pamenepa. Makiyi anu a SSH ndi TLS ali bwino.

Nanga mbewuyo ikuchokera kuti popanda hwrng? Purosesa yanu ili ndi RDRAND ndi RDSEED. Tsimikizani ndi grep -o -w -e rdrand -e rdseed /proc/cpuinfo | sort -u. Amenewa ndi malamulo a purosesa, monga ADD kapena MOV, safuna driver ndipo sadzaonekera mu rng_available. Kernel imawaitana mwachindunji ikamadzuka ndi nthawi iliyonse ikamasintha mbewu, n'kusakaniza ndi nthawi za ma interrupt ndi zina. Kuti iwawerengere ngati entropy yokwanira kudzutsa CRNG, chopangira manambala cha kernel chija cha ChaCha20, zimadalira random.trust_cpu, yomwe pa 6.6 imakhala yoyatsa pokhapokha mutalemba random.trust_cpu=off pa command line. Ngakhale muzimitse, manambala a RDRAND amasakanizidwabe, kungoti sawerengeredwa. Ndipo kuyambira 5.4 kernel ikasowa pogwira imadzipangira yokha entropy poyeza kusinthasintha kwa nthawi ya purosesa, ndiye kudikira kwa mphindi zambiri kuja kunatha.

Malangizo anga: systemctl disable --now rngd, kapena rng-tools ngati ndilo dzina la service pa distro yanu. Ntchito yomwe rngd inkagwira, yotunga ku /dev/hwrng n'kuthira mu dziwe, kernel imaigwira yokha kuyambira 3.17 kudzera pa thread ya hwrng ija. Ndipo chonde, musatsatire malangizo akale omwe amati yendetsani rngd -r /dev/urandom. Kumeneko n'kutunga madzi mu ndowa n'kuwathiranso mu ndowa yomweyo, kenako n'kuuza kernel kuti kwabwera mvula.

Kachingwe88

Zikomo nonse. Mzere wa Disabling hwrng ulipodi, ndipo crng init done ikubwera sekondi yoyamba isanathe. Grep ija yatulutsanso uwu:

ccp: unable to access the device: you might be running a broken BIOS

CONFIG_CRYPTO_DEV_CCP ndi yoyatsa. Kodi imeneyi ikanandipatsa hwrng ina?

Funso lachiwiri: sevayi imanyamula ma VM a KVM. Awiri mwa iwo ali ndi kernel 4.19 yomwe sindingaisinthe pano, ndipo sshd yawo imachedwa kudzuka. Mu dmesg yawo crng init done ikubwera patadutsa masekondi oposa 90. CPU model ndi qemu64, ndipo mkati mwawo rng_current ikutinso none.

Mphenzi_ya_Root

CCP ndi gawo la purosesa ya chitetezo ija lomwe limathandiza pa ntchito za crypto, ndipo lili ndi TRNG yake, chipangizo chenicheni chopanga manambala osalosereka. Pamene driver yaloledwa kulifika, imadzilembetsa ndi dzina longa ccp-1-rng. Pa makina ambiri a Ryzen a pa desiki firmware siipereka gawo limenelo kwa OS, ndiye driver ikawerenga register yake imangopeza ma bit onse ali 1, n'kulemba uthenga mwaonawo. Mawu oti broken BIOS amaopsa kuposa vuto lenilenilo. Mukhoza kuyesa firmware yatsopano ya bodi, koma musaikepo mtima, ndipo palibe chomwe mungasinthe ku kernel kuti chitseguke.

Ma VM ndiye ali ndi vuto lenileni, ndipo lili pawiri. Ma kernel oyambirira a 4.19 alibe njira ija ya 5.4 yodzipangira entropy, ndipo qemu64 imabisa RDRAND. VM ilibe kiyibodi, ilibe mbewa, disiki yake ndi ya virtio yopanda kugwedera kwa disiki yozungulira, choncho imangodikira ma interrupt ochepa a netiweki mpaka akwane. Panthawi yonseyo pulogalamu iliyonse yoitana getrandom imaima, sshd ili m'gulu lomwelo.

Mankhwala ake ndi virtio-rng, chipangizo chomwe chimapatsira VM manambala ochokera ku host. Mu libvirt, virsh edit dzina la VM, ndipo pansi pa devices muike:

<rng model='virtio'>
  <backend model='random'>/dev/urandom</backend>
</rng>

Ngati mumayendetsa QEMU mwachindunji:

-object rng-random,id=rng0,filename=/dev/urandom -device virtio-rng-pci,rng=rng0

Apa /dev/urandom ndi yoyenera, musaisokoneze ndi zomwe a Gogo aletsa. Ikuchokera ku host yomwe CRNG yake yadzuka kale, kupita ku makina ena omwe alibe kanthu. Musaloze backend ku /dev/hwrng ya host, pa makina anu ilibe kanthu, ndipo ngakhale pomwe ilipo imakhala yochedwa moti ma VM angapo akamakanganirana onse amaima.

Zimitsani VM kotheratu n'kuiyatsanso, reboot ya mkati siyokwanira chifukwa QEMU yakale ija imakhala ikuyendabe ndi zipangizo zakale. Kenako mkati mwake:

lspci -nn | grep -i rng iyenera kuonetsa 1af4:1005 kapena 1af4:1044
rng_current iyenera kunena virtio_rng.0
ps -e | grep hwrng iyenera kuonetsa thread ya kernel

Ngati lspci ikuiona koma rng_current ikadali none, ndiye CONFIG_HW_RANDOM_VIRTIO palibe kapena module sinalowe, yesani modprobe virtio-rng. Ngati yalowa koma crng init done ikuchedwabe, ndiye ikulowa mochedwa. Ikani virtio_rng mu initramfs pamodzi ndi virtio_pci: pa Debian lembani mayinawo mu /etc/initramfs-tools/modules n'kulamula update-initramfs -u, pa dracut gwiritsani --add-drivers.

Samalani ndi rate, malire a ma byte omwe VM ingatunge pa chipangizochi. Anthu amaika bytes='1024' period='1000' kuti VM imodzi isamalize ya anzake, ndipo period imeneyo ndi ma millisecond, ndiye ndi kilobyte imodzi pa sekondi, yokwanira kudzutsa CRNG. Koma wina akalakwitsa n'kulemba ma byte ochepa pa period yaitali, chipangizo chimaoneka kuti chilipo koma dd imangoti duu.

Njira yachiwiri, yomwe mungaiphatikize ndi yoyambayo, ndi kusintha CPU mode kukhala host-passthrough kapena host-model kuti RDRAND ioneke, n'kuwonjezera random.trust_cpu=on pa command line ya VM. Parameter imeneyi inayamba pa 4.19 pomwepo. Kuipa kwake n'kwakuti host-passthrough imavutitsa posamutsa VM ikuyenda kupita ku makina a purosesa ina.

Nyerere_Dev

Sindikutsutsa a Gogo pa nkhani ya makiyi, koma pali malo ena omwe malamulo a chitetezo amafuna gwero lachiwiri losadalira purosesa. Ngati a Kachingwe ali m'gulu limenelo, njira zilipo ziwiri. TPM yapadera yolumikiza pa header ya bodi kawirikawiri imayenda ndi tpm_tis, ndipo chitseko cha mu tpm_crb sichiikhudza. Muyenera kusintha mu BIOS kuchoka pa fTPM kupita pa discrete, ndipo musanatero kumbukirani kuti chilichonse chomwe chinamangiriridwa ku TPM yakale, monga kiyi ya LUKS, sichitsegukanso ndi yatsopanoyo. Onetsetsani kuti passphrase ina ilipo. Njira ina ndi ChaosKey, kachipangizo ka RNG kolumikiza pa USB, 1d50:60c6, yomwe driver yake ili mu kernel momwemo pa CONFIG_USB_CHAOSKEY.

Ndiwonjezerenso za mabodi a ARM, popeza mutuwu udzakoka anthu a kumeneko. Uthenga ndi womwewo wa No such device koma zifukwa n'zina, chifukwa kumeneko kernel siifufuza yokha, imakhulupirira device tree. Raspberry Pi 1 mpaka 3 zimafuna bcm2835-rng, koma Pi 4 imafuna iproc-rng200 pa CONFIG_HW_RANDOM_IPROC_RNG200, ndipo amene atenga .config ya Pi 3 n'kuimangira Pi 4 amasowa hwrng pa chifukwa chimenechi. Kufufuza kwake kumayenda motere. Pezani node ndi find /proc/device-tree/ -iname "*rng*", werengani compatible ndi status yake. Ngati status ndi disabled, driver sidzaitanidwa n'komwe ndipo dmesg idzakhala chete, chomwe chimazunguza mutu kwambiri chifukwa palibe uthenga woti muusake. Ngati ndi okay, yerekezani compatible ndi ma alias omwe modinfo ikuonetsa pa module yanu, chilembo ndi chilembo. Zikagwirizana koma chipangizo osaoneka, onani /sys/kernel/debug/devices_deferred. Dzina likakhala m'menemo, driver inayesa n'kubweza -517, EPROBE_DEFER, kutanthauza kuti ikudikira clock, reset kapena power domain yomwe driver yake simunaimange. Vuto pamenepo silili pa RNG koma pa chomwe ikudikiracho. Pa ma SoC ena RNG inasungidwira secure world, ndiye Linux imaifika kudzera pa OP-TEE ndi optee-rng, osati pa ma register mwachindunji.

Gogo_Sudo

A Nyerere anena zoona pa gwero lachiwiri, bola lisakhale chifukwa chobwezera rngd. Mukalumikiza chipangizocho kernel imachitenga yokha.

Pa kuyeza chipangizo chikangooneka, anthu amathamangira rngtest:

rngtest -c 1000 < /dev/hwrng

Imawerenga mabuloko 1000 a ma bit 20000 lililonse, pafupifupi 2.5 MB, n'kuwayesa ndi mayeso a FIPS 140-2. Pa virtio-rng yopanda rate zimatha m'kanthawi kochepa, pa TPM konzekerani kudikira mphindi zingapo. Kulephera kwa buloko limodzi kapena awiri pa 1000 n'kwachibadwa, manambala osalosereka enieni amalephera apo ndi apo. Mukaona makumi kapena mazana, pamenepo pali vuto.

Koma musakhulupirire kwambiri kupambana kwake. Zipangizo zambiri zimadutsitsa phokoso lawo mu AES kapena hash zisanakupatseni, ndipo chilichonse chotuluka mu AES chimapambana mayesowa, ngakhale cholowacho chikhale 1, 2, 3, 4. Chomwe rngtest imagwira ndi chipangizo chomwe chafa: chotulutsa ziro zokhazokha, FF zokhazokha, kapena kubwereza buloko lomwelo. Zimenezo mungazionenso ndi maso:

dd if=/dev/hwrng bs=64 count=1 status=none | xxd

Chitani izi kawiri, makina atangoyaka ndiponso atadzuka ku suspend. Zipangizo zambiri zimafera pa resume, clock ikapanda kuyatsidwanso kapena firmware ikaiwala kudzutsa gawolo. Chitsanzo chodziwika ndi mapurosesa ena a AMD a family 15h ndi 16h, omwe RDRAND yawo inkabweza 0xFFFFFFFF pambuyo pa resume uku ikunena kuti zayenda bwino, mpaka mu 2019 kernel inayamba kubisa rdrand pa mapurosesa amenewo pokhapokha mwini alembe rdrand=force. Choncho wina akaona rdrand yasowa mu /proc/cpuinfo pa makina akale a AMD, ayambe wayang'ana dmesg asananene kuti purosesa yawonongeka.

Kachingwe88

Virtio-rng yathetsa za ma VM, crng init done ikubwera pa masekondi awiri nditaika module mu initramfs. rngd ndaizimitsa pa host. Funso lomaliza: ndikadzalumikiza TPM yapadera ndi USB nthawi imodzi, kernel idzasankha iti, ndipo ndingaikakamize bwanji?

Mphenzi_ya_Root

Imagwiritsa imodzi yokha pa nthawi, ndipo imasankha ya quality yapamwamba. Quality ndi nambala ya pakati pa 0 ndi 1024, yonena ma bit angati a entropy omwe kernel iwerengere pa ma bit 1024 aliwonse ochokera ku chipangizocho. Ya chomwe chasankhidwa mumaiona mu /sys/class/misc/hw_random/rng_quality. Kuyambira 6.2 driver yomwe sinatchule quality yake imapatsidwa 1024, ndipo rng_core.default_quality inasanduka denga, ndiye mukalemba rng_core.default_quality=0 pa command line zipangizo zonse zimasakanizidwabe koma osawerengeredwa. Pa ma kernel akale zinali mosiyana, driver yosatchula inkapeza 0.

Kukakamiza ndi kulemba dzina ndendende monga likuonekera mu rng_available:

echo tpm-rng-0 > /sys/class/misc/hw_random/rng_current

Chitani izi muli root, ndipo ndi sudo gwiritsani tee chifukwa > imatsegulidwa ndi shell yanu, osati sudo. Mukatero rng_selected imasanduka 1 ndipo kernel siidzasinthanso yokha ngakhale kubwere chipangizo cha quality yoposa. Kulemba mzere wopanda kanthu mu fayilo yomweyo kumabwezera kusankha kwa kernel.

Kusankhaku kumatayika makina akazima. Musalembe lamulo la udev lomangirira pa kubwera kwa hw_random, chifukwa rng-core imabwera driver isanadzilembetse ndipo kulembako kumakanidwa poti dzinalo silinafike. Mangirirani pa chipangizo chenichenicho: pa TPM, service ya systemd ya oneshot yoyenda pambuyo pa dev-tpm0.device, pa ChaosKey lamulo la udev pa idVendor 1d50 ndi idProduct 60c6. Dzina la ChaosKey mu rng_available limaphatikiza serial ya kachipangizoko, ndiye likopereni kuchokera mu fayiloyo m'malo molilemba pamtima. Mukaizula USB ili yosankhidwa, kernel imagwera pa yotsalayo yokha, koma mukailumikizanso onani rng_current ngati lamulo lanu la udev layendadi.